Dothi, zitsekerero ndi phala: momwe m'mawa umathera pa sukulu yathu ya mmera mpoyamba

Ndikulembera makamaka inu amene mudzi wakusankhani kuti mukhale mlezi, mwabwera kumene kuchokera ku maphunziro a masabata awiri aja, satifiketi ili m'chikwama, koma mukayang'ana chisakasa chomwe akupatsani mukungoona mphasa zingapo, mphika umodzi ndi ana odzaza bwalo. Makolo nawonso awerenge, chifukwa mikangano yambiri pakati pa iwo ndi ife imabwera poti sadziwa chimene chimachitika kuyambira 8 koloko mpaka 11 koloko m'mawa. Ine ndakhala pa ntchitoyi kwa zaka ndithu m'mudzi wina m'boma la Dedza, ndipo ana omwe ndimalera ndi a zaka zitatu mpaka zisanu.

Choyamba mudziwe pomwe mwaima. Sukulu zathuzi, zimene aboma amazitcha ma CBCC, kutanthauza malo osamalira ana oyendetsedwa ndi mudzi, siziyendetsedwa ngati pulayimale. Zimayang'aniridwa ndi unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu kudzera ku ofesi ya Social Welfare ya pa boma, ndipo ndondomeko ya dziko lino yoona za mmera mpoyamba inakhazikitsidwa mu 2003. Koma mwini sukulu weniweni ndi mudzi. Denga, nkhuni, chimanga cha phala, zonse zimachokera kwa makolo, a komiti ndi a mfumu, ndipo alezi ambiri timagwira mongodzipereka. Choncho musadikire galimoto yodzatula zidole. Zipangizo zanu zili kudambo, kudzala ndi kuseri kwa golosale.

Ana safika nthawi imodzi. Ena amatulukira 7 koloko isanakwane chifukwa amayi awo akuthamangira kudimba, ena amabwera dzuwa litakwera, ataperekezedwa ndi mkulu wawo. Musadikire kuti akwane. Aliyense wofika mulonjereni pomutchula dzina, mutanjuta kuti maso anu alingane ndi ake, ndipo mumugwire dzanja. Iye akuphunzira kuyankha moni wa akulu, inu mukuona zambiri nthawi yomweyo: thupi lotentha, maso ofiira, zipere m'mutu, mphere pakati pa zala, matekenya kumapazi. Kuno ku Dedza m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira koopsa, ndiye ofika msanga sindiwalowetsa m'chisakasa. Ndimayala mphasa pomwe pakuwomba dzuwa n'kuikapo dengu la zitsononkho, aziseweretsa podikira anzawo.

Tisanayambe china chilichonse timasamba m'manja pa mpondagiya. Ndi kagaloni ka malita asanu kobowola pafupi ndi kukamwa, kopachika pamtanda, komangirira chingwe ku kamtengo kopondapo. Sopo akakhalapo timamumangirira pachingwe kuti mbuzi zisatenge, akasowa timaika phulusa m'kachitini. Beseni limodzi losambiramo onse tinalisiya kotheratu pa nthawi ya mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, womwe unachititsa kuti sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zichedwe kutsegulira mu Januwale 2023. Kamwana ka zaka zitatu sikatha kuponda ndi kusamba nthawi imodzi, ndiye wamkulu amapondera wamng'ono. Sindinawauze kuti azitero, anayamba okha, ine ndinangowayamikira mokweza kuti ena amve.

Kenako timakhala mozungulira. Nthawi imeneyi isapitirire mphindi 15, apo ayi mudzayamba kulimbana ndi otsinana. Kaundula sindimuitana ndili chilili ngati ku pulayimale. Mwana aliyense ali ndi kachidutswa ka katoni kolembedwa dzina lake m'malembo akuluakulu, pambali pake chithunzi chomwe anasankha yekha: wina nkhuku, wina njinga, wina dzungu. Ndimamwaza timakatonito pamphasa, aliyense apeze kake n'kuponya m'lichero. Poyamba amatsata chithunzi. Pakapita miyezi, akuluakulu aja ndimawaphimbira chithunzicho ndi chala, ndipo mupeza kuti ambiri akuzindikira kake ndi lembo loyamba. Timakatoni totsala pamphasa ndi ta amene sanabwere. Timatiwerenga limodzi, n'kufunsana kuti kodi uje ali kuti lero. Mayankho ake ndi omwe amandiuza kuti kunyumba kwina kuli malungo, kwina kuli maliro.

Funso lomwe limatsegula pakamwa pa ana kuposa onse ndi lakuti, "Mwaona chiyani panjira?" Wina waona bilimankhwe, wina ngolo yatitimira m'matope, wina sanaone kanthu koma amalume ake agula wailesi. Musathamangire kukonza. Funsaninso: anali wamtundu wanji, amayenda bwanji, tiyerekeze tonse kuyenda kwake. Mwana amene kwawo amangomva "khala chete" ndi "choka apa" amayamba kulumikiza mawu ataliatali pa bwalo ngati limeneli.

Gawo lalikulu la m'mawa, pafupifupi ola lathunthu, limapita ku masewera osankha okha. Ku maphunziro anakuuzani za ngodya zosewerera. Musade nkhawa kuti chisakasa chanu n'chaching'ono. Ngodya ikhoza kukhala thumba loyala pansi pa mtengo. Chofunika n'chakuti chilichonse chikhale ndi malo ake odziwika, ana asankhe okha kopita, ndipo inu muziyendayenda, osakhala pampando.

Ngodya ya masanje ndiyo imadzaza msanga. Muli timiphika ta dothi, mithiko yakutha, zitenje zong'ambika, chidole cha chitsononkho choberekera kumbuyo, ndi foni ya katoni yojambulidwa manambala. Kumeneko mudzamva mudzi wonse. Tsiku lina akusewera kusikelo, wina akupachika chidole pamtengo n'kukalipira mnzake kuti mwana watsika. Tsiku lina andandalika zidina kukhala minibasi, kondakitala akukuwa "Linthipe, Lilongwe! Malo awiri!" Pomwe ndimakonda ine ndi pamsika: aunjika timiyala m'milumilu kukhala kachewere, masamba a mango ndiwo ndalama. Ndimapita ngati wogula. "Mulu bwanji, mayi?" "Masamba atatu." Ndimapereka awiri dala. Wogulitsa wa zaka zisanu amandibweza pomwepo, "Madamu, sanakwane!" Wa zaka zitatu amangolandira n'kumwetulira. Apo ndadziwa kale yemwe wagwira chiwerengero ndi yemwe akufunika kukhala naye pansi, popanda mayeso alionse.

Agogo ena anadandaulapo atapeza mdzukulu wawo wamwamuna atabereka chidole akuvundula mphika. Ndinawafunsa mwaulemu kuti, "Agogo, nanga tsiku lomwe mudzadwale, adzakuphikireni phala ndani?" Anaseka, nkhani inathera pomwepo. Atsikana nawonso muwalole ayendetse galimoto za mawaya.

Pa ngodya ya zomangamanga pali zidutswa za matabwa zomwe ndinapempha kwa kalipentala wa pamsika. Tinazipala pamwala kuti zisabaye. Pali mabokosi a machesi, zitsononkho ndi timabango. Apa mikangano siichedwa chifukwa wina amagwetsa nyumba ya mnzake, koma apanso ndi pomwe mwana amazindikira yekha kuti chachikulu chikakhala pamwamba pa chaching'ono chimagwa.

Dothi ndilo ndingakulimbikitseni koposa. Timakatapa la makande kudambo, n'kulisunga m'ndowa yovindikira ndi thumba lonyowa kuti lisaume. Ana amaumba ng'ombe, mafoni, miphika, njoka zazitali. Zala zomwe zikukanya dothi ndi kutsina nyanga za ng'ombe ndi zomwezo zidzagwire pensulo chaka chamawa, ndipo mwana amene sanazilimbitse amagwira pensulo ndi nkhonya yonse, n'kutopa asanamalize mzere umodzi. Utoto timapanga tokha: katondo amapereka wofiira, makala osinja wakuda, phulusa wotuwa, masamba a maungu otikita wobiriwira. Burashi ndi kamtengo kosasantha kunsonga. Chomatira ndi kaphala kopyapyala ka ufa wa chinangwa. Mapepala ndi makalendala akale ndi makatoni otambasula. Chinthu chimodzi chokha ndikupempheni: musamujambulire mwana, ndipo musamuuze kuti chimenecho si nkhuku. Mufunseni kuti, "Tandiuza, wajambula chiyani?" Akakuuzani, lembani mawu akewo pansi pa chithunzi iye akuona. Akuphunzira kuti zomwe pakamwa panena, dzanja likhoza kuzisunga.

Kunja kuli mchenga ndi beseni la madzi pang'ono, ndi zitini zosiyana kukula. Amathira, amakhuthula, amayesa kuti tizitini tingati tidzaze chachikulu, amaponya mwala, tsamba ndi chitsekerero kuti aone chomira ndi choyandama. Pa nthawi ya dzinja timadzala nyemba m'zitini, china timachiika pamdima, china padzuwa, china osachithirira. Sindinena chomwe chidzachitike. Patatha sabata amabwera okha kudzandikoka chitenje.

Apa ndiime kaye pa za ngozi, chifukwa zipangizo zotola zili ndi zake. Botolo kapena chigubu chomwe munali mankhwala a mbewu kapena a kumunda chisafike pasukulu, ngakhale atachitsuka chotani. Zitini muzipinda m'mphepete ndi mwala kuti zisacheke. Nyemba, chimanga ndi nthangala zing'onozing'ono musapatse ana a zaka zitatu popanda wamkulu pafupi, chifukwa zimathera m'mphuno ndi m'khutu. Zikatero musatokose ndi kamtengo, mutengereni mwanayo kuchipatala. Ndowa ya madzi ikhale yovindikira, ndipo malo ophikira akhale otchinga.

Tsopano za kuwerenga manambala, pomwe makolo ndi ife timasiyana kwambiri. Kunabwera kamtsikana kena kochokera kutauni komwe kankatha kulakatula manambala m'Chingerezi mpaka 50 osapumira. Amayi ake ankanyadira, ndipo m'pomveka. Nditakapatsa mbale ya zitsekerero za mabotolo n'kunena kuti, "Ndipatse zinayi," kanatapa dzanja lodzaza. Manambala kankawadziwa ngati nyimbo, koma kuti "zinayi" ndi zinthu zingati m'manja, ayi. Ana otere ndi ambiri, ndipo vuto lake limadzaonekera ku Sitandade 2, pomwe kuwonkhetsa kwayamba.

Ndiye ife timawerenga zinthu zogwirika, tsiku lililonse, pang'onopang'ono. Mwana aloze kapena asunthe chinthu chimodzi pa nambala iliyonse, ndipo akamaliza mumufunse, "Ndiye zonse zilipo zingati?" Akayambiranso kuwerenga m'malo moyankha, sanafike; musamukakamize, mawa mudzabwerezanso ndi zitatu. Ndimagwiritsa ntchito ziyankhulo zonse ziwiri, chimodzi, ziwiri, zitatu, komanso wani, thuu, fili, poti kumsika ndi ku pulayimale adzamva zonsezo. Kwa a zaka zitatu kufika pa zitatu n'kokwanira. A zaka zisanu akagwira bwinobwino mpaka 10, mwagwira ntchito. Zitsekerero zomwezo amazisankhula potengera mtundu, zofiira uku, zobiriwira uku. Timitengo amatindandalika kuyambira kakafupi mpaka kakatali. Amatunga mikanda ya timabango ndi zitsekerero zobowola motsatana, bango, chitsekerero, bango, chitsekerero, ndipo ndikalakwitsa dala amandigwira. Akuluakulu ndimawakumbira timaenje pansi ngati ta bawo, aziponya kamwala kamodzi m'dzenje lililonse. Phada nayenso ndi masamu, kungoti amafuna manja okhwima, ndiye timayamba ndi miyala iwiri kapena itatu.

Bambo wina anandipeza tsiku lina ana atangoweruka, nkhope itagwa. "Madamu," anatero, "mwanayu mwezi wonse akungobwera ndi matope m'malaya. Wa achimwene anga ku Area 25 ndi msinkhu womwewu koma akuimba ABC mpaka kumapeto, ali ndi kope, amapatsidwa ndi homuweki. Kuno mukuphunzitsa chiyani?" Sindinawatsutse, chifukwa nkhawa yawo inali ya kholo lofunira mwana zabwino. Ndinawapempha kuti mawa lake adzakhale nafe pabenchi ola limodzi. Atabwera, ndinayambitsa masewera athu a maliwu. "Ndani dzina lake likuyamba ngati mmm?" Manja m'mwamba. "Tipeze chinthu m'chisakasa muno choyamba ngati mmm." Mwana wawo anathamangira mphika. Kenako tinaomba m'manja maphatikizo a mawu: nyu-mba kawiri, ga-li-mo-to kanayi. Pomaliza anyamata ndi atsikana akuluakulu analemba lembo loyamba la dzina lawo pamchenga ndi chala. Ndinawafotokozera bambowo kuti ku Sitandade 1 mwana amayamba kuwerenga Chichewa ndi maliwu a malembo, a, e, i, o, u monga timatchulira ife, n'kumaphatikiza m ndi a kukhala ma. Mwana amene anangoloweza "ei, bi, si" akaona a amati "ei", akaona i amati "ai", ndipo mphunzitsi amayamba wamasula kaye zimenezo. Sanayankhe zambiri, koma sabata yotsatira anatitumizira thumba la zidutswa za makatoni kuchokera kuokala kwawo.

Sindikunena kuti Chingerezi n'choletsedwa. Timalonjerana m'Chingerezi nthawi zina, timatchula ziwalo za thupi, timaimba tinyimbo tingapo. Koma kukhazika ana a zaka zinayi pamzere kwa ola lathunthu akubwereza mawu omwe sakuwamva kuli ngati kutunga madzi ndi lichero. Ndipo mwana wamanzere musamusinthe dzanja. Ena kunyumba amamumenya kuti adyere lamanja. Za kudyazo ndimasiyira makolo, koma pa kujambula ndi kulemba ndimawapempha kuti amusiye.

Nthano ndiye chuma chomwe mudzi uliwonse uli nacho chambiri. Ndinapempha agogo ena aakazi oyandikana ndi sukulu kuti azibwera kamodzi pa sabata. Poyamba anakana, amati nthano ndi zausiku pamoto, osati dzuwa lili pamutu, koma adzukulu awo anawanyengerera. Akangoti "Padangotero," ana onse "Tili tonse!" ndipo ngakhale wosakhazikika uja amakhala phee. Ine ndinaphunzirako kwa iwo kusintha mawu, Fisi wamawu okhuthala, Kalulu wothamanga lilime, Kamba wochedwa. Chomwe ndinawonjezera n'kuimitsa nthano pakati. "Ndiye mukuganiza kuti Kalulu achita chiyani tsopano?" Mayankho ena amaposa nthano yeniyeniyo. Mawa lake ana amaisewera okha, wina Njovu atavala thumba, ndipo ndimafunsa chinayamba n'chiyani, chinatsatira n'chiyani. Nthano imodzi muibwereze sabata yonse, satopa nayo. Mabuku osindikizidwa tili nawo ochepa, ndiye ena tinapanga tokha: makatoni odula mofanana, osoka ndi ulusi wa thumba, tsamba lililonse chithunzi chimodzi ndi mawu awiri kapena atatu. Mwana adziwe kuti buku lili ndi kumutu ndi kumiyendo, limatsegulidwa chakuti, ndipo chala chimayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja. Tikatsala ndi mphindi zochepa timaponyerana ndagi. "Ndagi!" "Gize!" Za akulu zimawavuta, ndiye amapeka zawo, ndipo zambiri yankho lake limakhala mbuzi.

Cha m'ma 10 koloko utsi wa kukhitchini umakhala utasokoneza kale mitu, ndipo palibe chifukwa cholimbana nawo. Ndinene mosabisa: ana amatsata utsi. Phala likamaphikidwa chisakasa chimadzaza, likatha amatsala ochepa, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale pomwe nkhokwe zambiri zapepuka, yomwenso ndi nthawi imene mwana akulifuna koposa. Pali sukulu zina zomwe zimalandira phala kuchokera ku mabungwe monga Mary's Meals, omwe anayamba kudyetsa ana m'Malawi muno mu 2002, koma zambiri za m'midzi zimadalira zosonkha. Choncho nkhani ya phala la Febuluwale muikambe ndi komiti mu Meyi ndi Juni, chimanga chili pabwalo, osati njala itafika. Ife timasonkha pokolola, timalimanso kamunda ka sukulu komwe a mfumu anatipatsa, ndipo timasunga m'matumba a PICS, aja osalowa mpweya, kuti anankafumbwe asatithere. Pogayitsa timasakaniza magawo anayi a chimanga ndi gawo limodzi la soya wokazinga, monga momwe Likuni Phala amapangidwira. Soya akasowa timathira nsinjiro. Nthawi ya mbatata yofiira mkati, yomwe ili ndi vitamini A, timaphika imeneyo. Amayi amaphika mosinthana, ndipo ndandanda wake umapachikidwa poonekera kuti pasakhale "sindinauzidwe".

Nthawi ya phala ndi phunziro palokha. Ana awiri amasankhidwa tsiku lililonse kugawa makapu ndi masipuni, kapu imodzi mwana mmodzi, ndipo akatsala awiri opanda kanthu ndimafunsa kuti tikufuna makapu angati owonjezera. Aang'ono amayamba kulandira. Timakamba za kutentha ndi kuzizira, kudzaza ndi kuperewera, komwe soya amachokera. Maso anu akhale pa amene sakudya ndi amene akumeza mothamanga n'kuyang'ana m'kapu ya mnzake. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu muziwaitana. Amabwera ndi kalamba koyezera mkono, ndipo mwana wosakwana zaka zisanu amene muyeso wake wagwera pofiira, kuchepera masentimita 11.5, ayenera kupita kuchipatala msanga. Ndi iwonso amadzapereka vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba.

Akadya, kunja. Apa sindichedwapo chifukwa masewerawo mukuwadziwa kale: chipako, jingo, fulaye wa mpira wachikulunga wofewa, kugubuduza matayala, katungwe, kuyenda pachipika osagwa, ng'oma ya chigubu ndi maseche a zitsekerero. Chomwe ndingawonjezere n'chakuti muwagawe. A zaka zitatu akasakanikirana ndi a zaka zisanu pa mpira, aang'ono amangogwetsedwa. Mukakhala alezi awiri, wina atenge akulu, wina aang'ono.

Ndodo pasukulu pathu palibe. Makolo ena amabwera nayo nkhaniyi okha, "Akavuta mukwapuleni, Madamu." Ndimawayankha kuti mwana woopa safunsa funso, ndipo wosafunsa ndilibe naye pogwira. Womenya mnzake ndimamuchotsa pamasewerapo, ndimakhala naye pambali mpaka mtima utsike, kenako tikaone limodzi pomwe mnzake wapweteka. Nthawi zambiri chipwirikiti chimabuka pa zifukwa zodziwika: adikira nthawi yaitali, chidole n'chimodzi ofuna ndi asanu, kapena njala. Posintha zochita ndimayambitsa nyimbo yomweyomweyo tsiku lililonse, ndipo akangoimva amadziwa kuti ndi nthawi yobwezera zinthu m'malo mwake. Mwana watsopano amalira masiku oyamba. Amayi ake asazembe mobisa, atsanzike n'kumuuza kuti adzamutenga akamwa phala. Wodzikodzera musamuyalutse pagulu. Sungani kabudula ndi chitenje chapadera, mumusinthe kuseri mwakachetechete. Chimbudzi chikhale cha bowo laling'ono, chifukwa ana ambiri amaopa la akulu n'kumakadzithandiza kuseri kwake.

Panali mnyamata wina yemwe aliyense, ngakhale kwawo, ankamuti ndi wamwano. Ukamuitana sankatembenuka, pa nthano ankangoyendayenda. Mnzanga amene ndimalera naye ndiye anazindikira kuti akamuyankhula atayang'anana naye amachita zonse bwinobwino, koma akamuitanira kumbuyo, zii. Titayang'ana khutu tinapeza likutuluka mafinya. Tinakambirana ndi amayi ake, osati pagulu koma kunyumba kwawo, ndipo anapita naye kuchipatala. Kuyambira pamenepo timamukhazika pafupi ndi wokamba nthano, ndipo tisanamuuze kanthu timayamba tamugwira paphewa. Zoterezi simungazione ngati ana onse akungobwereza mawu pamodzi, chifukwa wosamva amangotsegula pakamwa ngati anzake. N'chifukwa chake ndimasunga kope momwe mwana aliyense ali ndi tsamba lake. Sindilemba zambiri, mzere umodzi basi ndikaona chatsopano: lero wadumpha ndi mwendo umodzi, wapereka zitatu molondola, wayankhula pabwalo koyamba. Tsamba likakhala lopanda kanthu kwa nthawi yaitali, ndiye kuti mwanayo ndi mmodzi wa ofatsa aja omwe amasowa pakati pa anzawo, ndipo sabata yotsatira ndimayamba ndi iye.

Lachisanu ana akapita timakhala pansi ndi mnzangayo kukonza za sabata yamawa. Mutu wa sabata timautenga pa zomwe zikuchitika m'mudzi. Mango akapsa mu Novembala ndi Disembala, timawerenga mango, timajambula mango, nthangala zake zouma zimasanduka ng'ombe za m'khola. Mvula yoyamba ikagwa, nkhani ndi ngumbi, achule ndi matope. Pokolola, mapesi amapanga magalasi amaso ndi timinyumba, makoko a chimanga amapanga zidole. Sipafunika kulemba masamba ambiri: nthano iti, nyimbo iti, chatsopano chiti pa ngodya iliyonse, ndani akatape dothi.

Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, ndipo mwana amalowa Sitandade 1 ali ndi zaka 6. Makolo ena amafuna kukankhira wa zaka zinayi ku pulayimale poti ndi wamtali kapena wolongolola. Muwalangize adikire, kalasi ya Sitandade 1 imakhala ndi ana ochuluka zedi ndipo wamng'ono amangomira. Ena amafuna mwambo wotsanzikana wa mikanjo ndi zisoti zobwereka. Ine ndimaona kuti ndalama imeneyo ikanagula soya, koma komiti ikafuna sindiletsa, bola mwana wa kholo losowa asatsale panja. Chomwe sindilumpha ndi ulendo wa ku pulayimale mu teremu yachitatu. Timapangana ndi a hedi, timayenda ndi ana omwe akutuluka, akaone kalasi, chimbudzi, mjigo ndi belu, akhale pansi pang'ono pamodzi ndi a Sitandade 1. Mphunzitsi wa kalasi imeneyo nditamufunsa chomwe amafuna kwa ana ochokera kwa ife, sanatchule ABC. Anati mwana azitha kunena dzina lake lonse, la kholo lake ndi mudzi wake, azipita yekha kuchimbudzi n'kusamba m'manja, azigwira pensulo ndi zala zitatu, azimvetsera nkhani mpaka kumapeto, ndipo akasowa kanthu azitha kufunsa. Pobwerera timadutsa njira yomwe azidzayenda tsiku ndi tsiku, kuwaonetsa powolokera msewu ndi pomwe mtsinje umadzaza nthawi ya mvula. Makolo timawakumbutsa kuti asunge bwino buku la kusikelo kapena chiphaso cha kubadwa, chifukwa polembetsa amafuna umboni wa zaka, ndipo tsamba la mwana aliyense la m'kope lija timaling'amba bwinobwino n'kupereka kwa kholo kuti likaonetse mphunzitsi watsopanoyo.